Tarantula Akalowa Pansi N'kudzitsekera: Zoti Muchite ndi Zoti Muleke

Amene akuweta tarantula koyamba amakhumudwa mwezi usanathe. Ndalama watulutsa, bokosi lagalasi wakonza, anzake wawauza kuti adzaone kangaude wa miyendo yotalika kuposa chikhatho, koma mwiniwakeyo wakumba usiku, walowa pansi, khomo n'kumata ndi ulusi. Chatsala pa tebulo ndi bokosi la dothi ndi kambale ka madzi. Oweta akale amadziseka okha kuti iwo amaweta dzenje.

Apa ndi pamene manja amayamba kuyabwa. Munthu amafuna kufukula kuti angoona ngati kanthu kake kakadali moyo, ndipo kufukulako n'kumene kumavulaza kangaude. Tarantula wamkulu wokhala pansi akabisala, nthawi zambiri ndiye kuti zinthu zili bwino. Ntchito yanu ili patatu: kumukonzera dothi loti akumbemo popanda ngozi, kuphunzira kudziwa za moyo wake muli kunja, ndi kudziwa zifukwa zochepa zimene zimaloleza kufukula. Malangizowa ndi a akangaude akuluakulu okhala pansi. A m'mitengo, monga Poecilotheria ndi Avicularia, nkhani yawo ndi ina.

1. Dziwani kaye mtundu umene muli nawo

Wogulitsa akupatseni dzina lasayansi. Mayina amalonda amasokoneza, chifukwa akangaude osiyana amagulitsidwa ndi dzina limodzi, pamene kakumbidwe kawo n'kosiyana kutalitali.

Theraphosa blondi ndiye wolemera kuposa akangaude onse. Wamkazi wokhwima amafika magalamu 170, ndipo wamwamuna wina amene adagwidwa ku Venezuela mu 1965 adapezeka wa masentimita 28 atatambasula miyendo. Kwawo ndi nkhalango zamvula za Suriname, Guyana, French Guiana, Venezuela ndi kumpoto kwa Brazil, kumene amakhala m'mauna a dothi lachinyezi, kawirikawiri mauna osiyidwa ndi makoswe akutchire, iye n'kungowakuza. M'masitolo mumapezeka kwambiri mbale wake, Theraphosa stirmi, ndipo onsewa amafuna dothi lakuya losauma.

Lasiodora parahybana, wa ku Paraíba kumpoto chakummawa kwa Brazil, amakumba akali wamng'ono. Akakula amasiya manyazi, amakhala poyera tsiku lonse. Ngati mukufuna kangaude wamkulu woti alendo azimuona, gulani ameneyu.

Pelinobius muticus, wa ku Kenya ndi Tanzania, ndiye katswiri wa una. Wamkazi ali ndi miyendo yakumbuyo yonenepa modabwitsa, amakula pang'onopang'ono, ndipo mutha kutha miyezi osamuona. Hysterocrates gigas wa ku Cameroon nayenso amaboola njira zazitali m'dothi lonyowa. Kwathu kuno kuli mtundu wa Ceratogyrus: C. meridionalis amapezeka ku Malawi ndi Mozambique, ndipo C. marshalli wa ku Zimbabwe ndi Mozambique ali ndi kanyanga kowongoka pamsana. Awiriwa ndi a nthaka youma; mukawanyowetsera dothi ngati Theraphosa mwawalakwira.

Pali kusiyana kwina kokhudza inuyo. A ku America ali ndi ubweya woyabwa pachimimba, umene amaupalasa ndi miyendo yakumbuyo n'kuuwaza m'mwamba akaopsezedwa. Wa Theraphosa ndi woopsa kwambiri ukalowa m'maso kapena m'mphuno. Amauyalanso pakhomo la una, choncho dothi lenilenilo limayabwa. A ku Africa alibe ubweyawo. Chitetezo chawo ndi liwiro, kuimirira atatukula miyendo yakutsogolo, ndi mano. Pelinobius amachita kulira kwa mkokomo popekesa ubweya wa pa miyendo yakutsogolo. Akakulumani, ululu wake umapweteka kwambiri ndipo minofu imatha kukokana kwa masiku.

Musakakumbe wakutchire. Ku South Africa, Ceratogyrus, Harpactira ndi Pterinochilus ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo kuwagwira kapena kuwasunga kumafuna chilolezo. Wamkazi wamkulu amene mwamufukula patchire wakhala mu una womwewo zaka zambiri, ndipo akanaikira mazira mmenemo. Gulani wobadwira m'manja mwa oweta, ndipo ngati mukufuna kumuolotsa malire, funsani kaye ku ofesi yoona za nyama zakutchire.

2. Mvetsani chimene akufuna pansipo

Tarantula amapumira kunsi kwa chimimba. Kumeneko kuli mapapo anayi, lililonse la timasamba topyapyala tosanjikizana, ndipo mpweya umangolowa wokha pa timing'alu. Mpweya wouma umamuphwetsa madzi m'thupi. Mu una, chinyezi ndi kutentha sizisinthasintha ngati kunja. Kutchire kulinso adani: mbalame, abuluzi, tinyama tokumba, ndi mavu akuluakulu amene amaluma kangaude kuti afe ziwalo, n'kumuikira dzira pathupi kuti mphutsi yawo idzamudye wamoyo. Maso ali nawo asanu ndi atatu, koma saona bwino. Amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dziko amalimva ndi ubweya wa m'miyendo, kudzera m'kunjenjemera kwa dothi ndi kwa ulusi umene wayala pakhomo. Choncho una ndi nyumba, ndi msampha wogwirira chakudya, ndiponso ndi khutu lake. Mukaugumula mwamulanda zonsezi nthawi imodzi.

3. Konzani bokosi ndi dothi

Pano ndi poyenera kutaya nthawi, chifukwa mavuto ambiri a una amayambira pa dothi.

Bokosi likhale lalikulu kawiri kapena katatu kuposa kutalika kwa kangaude atatambasula miyendo, lagalasi kapena lapulasitiki yolimba. Mabowo a mpweya akhale m'mbali komanso pachivindikiro kuti mphepo izidutsa. Chivindikiro cha waya wa sefa musagwiritse ntchito: tizikhadabo ta kumapazi timakodwa m'wayamo, kangaude n'kulendewera mpaka kuduka mwendo. Chivindikirocho chikhale ndi chotsekera, pakuti Theraphosa wamkulu amatukula chivindikiro chongoyikapo.

Kuya kwa dothi kukhale motere: Lasiodora wamkulu masentimita 10 mpaka 15, Theraphosa osachepera 15 mpaka 20, Pelinobius ndi Hysterocrates 25 mpaka 30 kapena kupitirira. Kuthira dothi lambiri kuli ndi phindu lachiwiri. Mpata wochokera pamwamba pa dothi kufika pachivindikiro usapitirire kutalika kwa kangaudeyo kamodzi ndi theka. Akangaude olemerawa amakwera galasi, makamaka masiku oyamba, ndipo akagwa kuchokera patali chimimba chimang'ambika. Bala la pachimimba silichedwa kupha.

Dothi labwino ndi limene limagwirana. M'masitolo a ziweto ku Johannesburg kapena ku London amagulitsa ulusi wa makoko a kokonati wopanikizidwa ngati njerwa, umene mumauviika m'madzi kuti ufufume. Ndi waukhondo, koma pawokha ukauma umafumbutuka, denga la una n'kugwa. Usakanizeni ndi dothi lakuda lapamwamba, magawo awiri a dothi pa gawo limodzi la kokonati, muonjezere dongo pang'ono ndi kamchenga. Dothi la pachulu lopunthidwa bwino limagwira ntchito ya dongolo. Dothi la m'matumba logulitsira maluwa muwerenge kaye chikalata chake. Lambiri amathiramo feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Ngati mukutapa nokha, pewani munda wa thonje, wa fodya, dimba la tomato, ndi mphepete mwa nyumba imene idapoperedwa mankhwala a chiswe. Lisefeni, muliwotche mu uvuni kuti mazira a nyerere ndi tizilombo tina tife, lizizire.

Utuchi wa paini kapena wa mkungudza usalowemo. Mafuta a m'mitengo imeneyi, omwe aja amachititsa kuti chiswe chisadye mkungudza, ndi oipa kwa kangaude. Miyala yosongoka ndi mchenga wokhawokha nazonso ayi.

Yesani chinyezi ndi dzanja. Fumbatani dothi mwamphamvu: ligwirane n'kukhala chibuma, koma madzi asadonthe pakati pa zala. Kenaka thirani m'bokosi pang'onopang'ono, masentimita asanu, n'kutsindira ndi chibakera, kuthiranso, kutsindiranso, mpaka mulingo ukwane. Ambiri amangokhuthula dothi lofuwafuwa, kenaka n'kumadabwa kuti kangaude akukana kuliponda. Akangaudewa amadana ndi dothi lomira mapazi.

Chilichonse cholemera, mwala kapena chikuni, chitsamire pansi penipeni pa bokosi, osati pamwamba pa dothi. Kangaude amakonda kukumba kunsi kwa chinthu cholimba, ndipo akachotsa dothi lochirikiza, mwalawo umamuphwanya.

4. Muyambitsireni una pamalo amene inu mukufuna

Mukamusiya asankhe yekha, akumba pakati pa bokosi ndipo simudzamuonanso. Tengani supuni kapena kamtengo, muboole dzenje lopendekeka m'mbali mwa galasi, lotakata moti iye n'kukwanamo, lakuya masentimita 8 kapena 10. Pakhomo pake vundikirani khungwa la mtengo louma kapena phale la mphika, theka lake lokwiririka m'dothi. Phale ndi labwino chifukwa limasunga chinyezi, koma m'mphepete mwake mukhule pamwala kuti musakhale mothwa. Likhale lopanda pansi, kuti akafuna kupitiriza kukumba asatsekeredwe.

Kunja kwa galasi, mbali imene mwabowolayo, matani katoni yakuda kapena nsalu yochindikala. Kangaude akamva kuti kuli mdima, amatsata galasilo pokumba, ndipo inu mwapeza windo. Katoniyo muzitukula mwa apo ndi apo, usiku. Mukamaisiya yotsekula, iye amata galasi lonse ndi ulusi ndi dothi, windo lija n'kutha.

Kukumba kwake n'kosangalatsa kuonera. Amapala dothi ndi mano ndi timanja tiwiri ta pafupi ndi pakamwa, amaliunjika kukhala kampira, nthawi zina n'kulimanga ndi ulusi, kenaka amalinyamula kunsi kwa kamwa, kuyenda nalo mpaka kunja, n'kulitaya. Amabwerera, kutenganso, usiku wonse. Mmawa mupeza mulu wa dothi pakona, ndipo mwina kambale ka madzi kakwiririka. Musakwiye nazo. Tsukani kambaleko, mudzazenso, mawa akakwiriranso. Makoma a una amawayala ulusi kuti asagumuke.

5. Madzi ndi kutentha

Kambale ka madzi oyera kazikhalamo nthawi zonse, ngakhale kangaude atadzitsekera miyezi. Amatuluka usiku kudzamwa inu muli mtulo. Thonje kapena siponji m'madzimo n'zosafunika; zimangoweta tizilombo.

Kwa Theraphosa, Hysterocrates ndi Pelinobius, chofunika ndi dothi lapansi lachinyezi, lapamwamba louma pang'ono. Kupopera madzi pamwamba sikuthandiza, kumangonyowetsa galasi ndi kumukwiyitsa. Thirani madzi pakona yakutali ndi una, atsike m'mbali mwa galasi mpaka pansi. Mudzaona mzere pagalasipo, dothi lakuda kunsi, lotuwa kumtunda. Mzerewo ukatsika kwambiri, thiraninso. Akamva kuuma amatsika, akamva kunyowa amakwera, amadzisankhira yekha. Mu una mwenimwenimo musathire madzi. Kwa Ceratogyrus, dothi louma ndi kambale kodzadza n'zokwanira, kungosefukiritsa kambaleko kamodzikamodzi.

Dothi lonyowa m'bokosi lopanda mpweya wokwanira limapha Theraphosa msanga kuposa chilala. Mukaona madontho pagalasi tsiku lonse, kapena chuku chikumera, onjezerani mabowo.

Kutentha kwa madigiri 24 mpaka 28 n'kokwanira mitundu yonseyi. Amene muli ku Britain kapena ku Johannesburg nthawi ya chisanu, ndi bwino kufunditsa chipinda chonse. Ngati mukugwiritsa ntchito kampasa kamagetsi kotenthetsa, kamateni m'mbali mwa bokosi, pamwamba pa mzere wa dothi, ndipo kakhale ndi chipangizo chozimitsa kutentha kukafika pamulingo. Pansi pa bokosi musaike. Chibadwa cha kangaude n'choti akamva kutentha amakumba kutsika, chifukwa kutchire pansi ndiye pozizira. Moto ukakhala pansi, amathawira kumene kuli motoko mpaka kufa. Kumadera otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje mu October ndi November vuto ndi lotembenuka: ikani bokosi pansi, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi windo. Dzuwa likawomba galasi kwa ola limodzi lokha, zatha.

Chinanso chimene ambiri saganizira ndi mankhwala a udzudzu. Opopera m'nyumba, ofukiza usiku, ngakhale a m'neti yonyikidwa, onsewo amapha kangaude. Chimodzimodzi mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa opaka agalu ndi amphaka. Mukagwira galu, sambani m'manja musanatsekule bokosi. Kumene kumabwera linthumbu, miyendo ya tebulo iimikeni m'zitini za madzi. Kangaude wa m'bokosi alibe kothawira.

6. Masabata oyamba mulekeni

Wangofika kumene amatha kukwera makoma, kudziunjika pakona miyendo itaphimba nkhope, kapena kulowa mu una n'kusowa. Zonsezi n'zachizolowezi kwa sabata imodzi kapena zingapo. Dikirani masiku asanu kapena sabata musanamupatse chakudya. Bokosi lisakhale pafupi ndi sipika, pamwamba pa firiji, kapena pakhomo pomenyetsedwa chitseko. Ana auzeni kuti galasi sagogoda.

7. Phunzirani kuwerenga pakhomo la una

Amene adakumbapo mbewa amadziwa kuti una umadziwika pakhomo: dothi latsopano, timapazi, khomo lotseka kapena lotsekula. Kangaudenso n'chimodzimodzi. Pezani tochi ya kuwala kofiira, kumene iye sakuona bwino, mubwere mdima utagwa ndithu, mukuponda monyang'ama.

Khomo lotsekula, nsonga za miyendo yakutsogolo zikuonekera pakhomopo: ali ndi njala, akudikira chodutsa. Mpatseni chakudya. Wamkulu amadya kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri, mphemvu zazikulu zoweta, nkhululu, kapena dzombe logula. Mphemvu za m'khitchini ndi ziwala za m'munda zimakhala zitadya mankhwala, musamupatse. Mphemvu za mtundu wa dubia ndi mphutsi zikuluzikulu zogulitsa m'masitolo zimakumba n'kusowa m'dothi, choncho ziphwanyeni mutu ndi chopanira musanaziponye pakhomo. Zimapalapatabe mokwanira kuti iye azimve.

Dothi latsopano kunja, ulusi watsopano, kambale kodetsedwa, kampira kouma ka zotsalira za chakudya katatayidwa pakona, timadontho toyera ta chimbudzi pagalasi: zonsezi zikunena kuti mwini nyumba alipo ndipo ali bwino. Kampira ka zotsalirako kachotseni msanga, chifukwa n'kamene kamaitana chuku ndi tinthata.

Khomo lomatidwa ndi ulusi kapena lotsekedwa ndi dothi likunena chinthu chimodzi: musandisokoneze. Zifukwa zake n'zingapo. Mwina wakhuta. Mwina kunja kwazizira kapena kwauma. Wamkazi wokhwima mwina akukonza thumba la mazira. Amatha kulikonza ngakhale sanakumane ndi wamwamuna, kungoti mazirawo saswa. Koma chifukwa chachikulu ndi kufundula.

Khomo likatsekedwa, lekani kuponya chakudya chamoyo. Osaboola khomolo kuti mukankhiremo nkhululu. Ngati mtima sukukhazikika, siyani mphemvu yakufa pakhomo madzulo; mukaipeza mmawa, ichotseni, mudikire sabata ziwiri. Tarantula wamkulu wonenepa amatha miyezi yambiri osadya popanda vuto, chifukwa thupi lake limagwiritsa ntchito chakudya pang'onopang'ono kwambiri. Chimene sangapirire ndi ludzu.

Lembani masiku m'kope kapena pafoni: tsiku limene wadya, limene wakana, limene watseka, limene wafundula. Mutu umanama. Mumaganiza kuti papita miyezi inayi pamene ndi masabata asanu, ndipo chaka chamawa kopelo lidzakuuzani za kangaude wanuyo kuposa munthu wina aliyense.

8. Nthawi yofundula

Khungu la kangaude ndi lolimba ndipo silikula, choncho amalivula lonse: miyendo, mano, mkati mwa mapapo, ngakhale mkati mwa kummero. Ana amafundula kangapo pachaka. Wamkazi wamkulu amafundula pafupifupi kamodzi pachaka, akakalamba motalikirapo.

Zizindikiro zimayamba kale. Amakana chakudya, amayenda mwaulesi, mtundu umazilala, chimimba chimatupa n'kumanyezimira. Kwa a ku America, dazi la pachimimba pamene ubweya udapalasidwa limasintha kuchoka kotuwira kufika kwakuda bii. Kudako ndi ubweya watsopano ukuonekera kunsi kwa khungu lakale. Kwa mwana nthawiyi ndi masabata ochepa, kwa wamkulu itha kukhala miyezi.

Tsiku likafika amayala mphasa ya ulusi n'kugona chagada, miyendo m'mwamba. Mukatukula katoni ija n'kumuona ali chagada, sanafe. Musamutembenuze, musamupopere madzi, musagwedeze bokosi. Chigoba cha pamsana chimatseguka, ndipo amasolola miyendo pang'onopang'ono, kwa wamkulu maola ambiri, mwina usiku wonse. Akatuluka amakhala wofewa, mano ali oyera. Amagona akupinda ndi kutambasula miyendo kuti mfundo zisaume mokhota. Pa nthawi imeneyi nkhululu imodzi yotsalira m'bokosi itha kumudya wamoyo, n'chifukwa chake chakudya chosadyedwa chimachotsedwa pasanathe tsiku.

Mano amasintha kuchoka koyera, kufiira, kenaka kuda. Asanade musamudyetse, chifukwa dzino likathyoka sangathe kudya mpaka adzafundulenso. Kwa wamkulu dikirani masiku 10 mpaka 14, ndipo wa mu una mudikire atsekule yekha khomo. Ena amataya khungu lakale kunja, ena amalisunga mkati n'kulimata kukhoma. Likatuluka, litoleni ndi chopanira, muliviike m'madzi a sopo pang'ono, mutambasule chimimba chake. Pakati pa mapapo awiri akutsogolo, wamkazi amakhala ndi kathumba kosungira umuna kotukuka. Wamwamuna pamakhala posalala. Iyi ndiyo njira yodalirika yodziwira chimene mukuweta.

9. Wokana kubisala ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa

Kangaude wokumba akamakhala kunja masabata ambiri, pali chimene chikumuvuta. Akamangokwera galasi kapena kuima monyomphola osafuna kukhudza pansi, dothi lanyowa kwambiri kapena ndi lofuwafuwa. Akamakhala pamwamba pa kambale ka madzi, m'bokosi mwauma. Akatuluka mwadzidzidzi mu una umene wakhalamo nthawi yaitali, fufuzani nyerere, tinthata kapena chuku.

Wamwamuna wokhwima ndi nkhani ina. Akafundula komaliza, miyendo imatalika, thupi limachepa, timanja take timatupa kumapeto, ndipo mitundu ina monga Lasiodora imamera tingowe kunsi kwa miyendo yakutsogolo, ngakhale Theraphosa blondi alibe. Kuyambira pamenepo una alibe nawo ntchito. Amazungulira bokosi usiku wonse kufuna wamkazi, amadya pang'ono, ndipo moyo wake watsala chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene wamkazi wa Theraphosa amatha zaka 15 mpaka 25. Palibe chimene mungakonze apa koma kuonetsetsa kuti madzi alipo ndipo pogwera ndi pafupi.

10. Nthawi yofukula, ndi kafukulidwe kake

Kutalika kwa nthawi pakokha si chifukwa. Zifukwa zenizeni ndi izi: fungo la chovunda lochokera m'bokosi, tintchentche ting'onoting'ono tothamanga mothethuka tikulowa ndi kutuluka m'dothi, nyerere zalowa, una wagumukira mkati kapena madzi asefukiramo, kapena pa windo lija mukumuona ali chafufumimba, miyendo itapindikira kunsi kwa thupi. Kupindika kumeneku n'kosiyana ndi kugona chagada. Miyendo ya kangaude imatambasuka ndi mphamvu ya magazi, ndiye madzi akachepa m'thupi kapena akamafa, imakhwinyata yokha. Ngati dothi ndi louma bwino ndipo denga lagwa pang'ono, wamkulu amadzifukula yekha. Mpatseni usiku umodzi.

Musanayambe, tsitsani bokosi pansi, m'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo, chopanda mipando yoti n'kubisalako. Ana ndi amphaka atuluke. Valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi magalasi ngati ndi wa ku America. Khalani ndi chikho chapulasitiki choonekera mkati, chachikulu moti n'kumuvundikira, ndi katoni yolimba yolowetsa kunsi kwake. Zida ndi supuni, bulashi yofewa yopentera, ndi chopanira chachitali. Chala chisalowe mu una, makamaka wa Pelinobius kapena Hysterocrates.

Yambirani pakhomo, mukutsata njira ya ulusi. Chotsani dothi lapamwamba pang'onopang'ono, supuni ikupala chammbali, osabaya kulunjika pansi. Mukayandikira chipinda chake, siyani supuni, mugwire bulashi. Tsekulani kabowo kongokwanira kuunika ndi tochi.

Mukamupeza ali chagada kapena wofewa, khungu lakale lili pambali, imani pomwepo. Vundikirani phale pabowopo, mubwezere chivindikiro, muchoke. Mukamupeza atangokhala, mukhudzeni mwendo wakumbuyo ndi bulashi; akasuntha kapena kutembenuka mwaukali, ali bwino, ndipo muvundikirenso chimodzimodzi. Mukamupeza atakhwinyata koma akugwedezeka pang'ono, mwina ndi ludzu: mutulutseni mosamala, muike pakamwa pake m'kambale kosaya ka madzi, chimimba chikhale kunja kwa madzi kuti mapapo asamire, mumusiye pamdima pofunda. Ena amadzuka pakapita maola. Mukaona zoyera zonanda pakamwa, mupatuleni kutali ndi akangaude ena, chifukwa zitha kukhala tinyongolotsi topatsirana, ndipo zida zonse muzitsuke ndi madzi owira.

Ena amatulutsa kangaude pothira madzi mu una mpaka athawe. Ine njira imeneyi sindiikonda: simudziwa ngati mkatimo ali pakati pofundula, ndipo amene akutulukayo amatuluka ali wolusa.

Ngati vuto linali nyerere, chuku kapena tinthata, samutsirani kangaudeyo m'dothi latsopano, lotsindiridwa monga poyamba, una woyambitsa uli m'mbali mwa galasi. Vundikirani chikho pamwamba pake, lowetsani katoni kunsi, mumunyamule motsitsa, pafupi ndi pansi. Phale lake lakale, ngati lilibe chuku kapena tinthata, libwezereni ndi ulusi wake womwe, chifukwa limamuthandiza kukhazikika msanga. Dzazani kambale, matani katoni yakuda pagalasi, ndipo chakudya muyambe kumupatsa pakatha sabata.